Mutu 6: Dzina Sanatchule

1. Lole yopsa

Mlendo akafunsa kwawo kwa Élia, anthu a pa Zóbuè sankavutika kulongosola. Ankangoti, “Tsatani njira ya kumapiri, mukaona lole yopsa ndiye mwafika.” Loleyo inapsa nkhondo ili mkati, n’kutsala chigoba chokha, dzimbiri lili psuu. Nkhuku za a Benedita, mayi ake a Élia, zinkaikira mazira m’menemo.

Chinali chaka cha 1994, mfuti zitangokhala chete. Élia anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo theka la zakazo anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza, mbali ya ku Malawi. Bambo ake anatsala komweko, m’manda a eni dziko. Iye anabwerera ndi mayi ake ndi amalume ake, a Xavier, atasenza lona, makasu ndi kambewu ka chimanga.

Mchimwene wake Silvino sanathawe nawo. Anthu a mfuti anamutenga ali kubusa, akadali kamnyamata, ndipo pakhomo analira maliro opanda mtembo. Ndiye tsiku lina dzuwa lili pamutu anangotulukira pa lole yopsa paja, wamtali, wowonda, atavala nsapato za asilikali zopanda zingwe.

A Benedita anafuna kumuthamangira, koma a Xavier anawagwira mkono. Munthu wochokera kunkhondo salowa m’nyumba asanasambitsidwe. A Xavier anali mkulu wa mpingo wa Katolika, koma pa nkhani iyi sanakafunse wansembe. Anamanga kamsasa ka udzu kumtsinje, namulowetsamo Silvino, n’kuyatsa moto. Mnyamatayo anatuluka akuthamanga, zovala zonse za kuthengo n’kupsera momwemo. Kenaka anamusambitsa ndi mankhwala m’madzi oyenda, ndipo anabwera kumudzi osacheuka.

Asanaponde pakhomo, a Xavier anamukhazika pansi.

“Silvino, mwana wa mlongo wanga, tamvera. Zimene unaona kuthengo zapita ndi madzi. Ife sitikufunsa, iwenso usatiuze. Usauze mayi ako, usauze mnzako pa mowa, usadzauze ngakhale mkazi amene udzakwatire. Anthu amene anafera kumeneko akuyendayenda, akufuna khomo loti alowerepo, ndipo khomo lawo ndi pakamwa pako. Ukadzangotchula, wawaitana. Tsiku limenelo sudzalowanso m’nyumba muno, chifukwa sindingalole kuti alowe nawe limodzi n’kutipululira ana. M’mudzi muno wabwera si iwe wekha. Ena anali mbali iyi, ena mbali inayo, koma lero onse akutunga pa mjigo umodzi chifukwa chotseka pakamwa. Wandimva?”

“Ndamva, amalume.”

Kuyambira pamenepo Silvino anakhala munthu wa mawu ochepa. Ankalima, ankasema mipini, ndipo mudzi unamulandira.

2. Dimba la kuchitsime

Kumunsi kwa mudzi kunali dimba lalikulu, pakati pa mitengo ya mango ndi chitsime chakale. Dothi lake linali lakuda bii, lonyowa chaka chonse. Koma munali mina, mabomba okwirira pansi aja, amene sanamve kuti akuluakulu anagwirana chanza.

Chinadziwitsa mudzi za minazo ndi mwendo wa Nelito. Nelito anali mnzake wa Élia wa kalasi imodzi, mwana wa a Felismina, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi kwa Élia. Atangobwera kumene kuchokera ku Malawi, Silvino asanatulukire, anapita kukathyola mango ndipo anabwerako atamunyamula pa chitseko. Anthu anatchinga dimba lonse ndi minga.

Silvino atamuona mnyamatayo akudumphira pa nsungwi, anamusemera ndodo ziwiri zoyendera, zosalala bwino. M’mawa uliwonse ankamukweza pa njinga ya amalume kukamutula kusukulu. A Felismina ankanyadira pamaso pa anthu kuti, “Uyu ndi mwana wanga woyamba, Mulungu anangomusocheretsera kwa a Benedita.” Silvino akamva zimenezi ankazolika, anthu n’kumati mnyamata waulemu.

M’chilimwe moto wa osaka mbewa unatentha minga yonse ija. Dimba linaonekera poyera, udzu wanthete n’kuyamba kuphuka, ngati likuitana munthu. Munda wa a Felismina wa kumtunda unali miyala yokhayokha, ndipo ana anali nawo ambiri. Tsiku lina anabwera kudzapempha mpini wa khasu.

“Ndikufuna ndikalime kudimba, mbali ya kuchitsime,” anatero. “Ndikadzala tsopano, ana adzakazinga chimanga chachiwisi nthawi ya njala.”

“Amayi, musapiteko,” anatero Silvino.

“Ukuopa chiyani? Mina inaphulika kale. Inadya mwendo wa mwana wanga, inakhuta. Mbuzi zanga ndakhala ndikuzipirikitsira momwemo, ndipo zikubwerako zonse.”

“Tengani mizere ya m’munda mwanga.”

“Kachigamba kako kaja? Mawa ukakwatira, mkazi udzamudyetsa miyala? Ayi mwanawe. Ndikangotha kufolera nyumba yanga, ndikalowa ndi khasu.”

Anatenga mpini wawo n’kumapita akuseka. Élia anali pomwepo akusola nyemba, ndipo anaona mchimwene wake atasiya kusema.

“Achimwene, mbuzi zikubwerako zonse. Chavuta n’chiyani?”

“Mbuzi ndi yopepuka.”

“Ndiye kuti zilipo zina?”

Silvino anayankhulira pansi.

“Zili m’mzere. Kuchokera pa mango wopindika mpaka pachitsime. Zikudikira munthu.”

“Anakuuzani ndani?”

Silvino anaika kasemasema pansi, natambasula manja ake awiri n’kumangowayang’ana. Élia naye anawayang’ana.

“Sindinanene kanthu, Élia,” anatero Silvino. “Iwenso sunamve kanthu.”

3. Lamulo

Sabata yomweyo aphunzitsi a Marcelina, amene ana ankawatcha porofesora, anasiya masamu pakati n’kulengeza nkhani.

“Ku Tete kwafika bungwe la maiko akunja, la anthu ochotsa mina. Zida ali nazo, koma dziko ndi lalikulu ndipo sadziwa poyambira. Amene akudziwa malo apite ku ofesi ya boma ku Moatize akanene. Tsono tcherani khutu apa. Boma ndi bungwelo anapangana, ndipo panganolo ndi lamulo. Boma limapereka kwa alendowo malo okha. Dzina la wonena, kapena la amene anakwirira, silituluka mu ofesi. Wantchito wa boma akaliulula, walakwira lamulo.”

Mnyamata wina anafunsa chifukwa chake munthu sangangowauza alendowo yekha.

“Alendo sayenda m’dziko la eni ake ngati pakwawo,” anayankha aphunzitsi. “Nkhani zotere zimadutsa m’manja mwa boma. Boma limasefa, lipereke zofunika pa ntchito, zotsalazo lisunge. Lamuloli analiikira inuyo, kuti munthu anene wopanda mantha.”

Élia anabwerera kwawo mawuwo akumuzungulira m’mutu. Anapeza amalume ake akuluka nkhokwe, ndipo anayamba nkhaniyo mozungulira, ngati akunena za anthu a mudzi wina. A Xavier anamusiya amalize, kenaka anaika nsungwi pansi.

“Iwe unakulira pa mzere wolandira ufa, ofesi suidziwa. Ine ndaona maofesi. Apwitikizi ankatifunsa mayina mwaulemu, mapeto ake tinkapezeka tikuphwanya miyala mumsewu. Nkhondo itabwera, anthu a mfuti a mbali zonse ankati, tiuzeni zoona, sitiuza munthu. Kafunse amasiye a m’mudzi muno kuti zinkatha bwanji. Lamulo ukunenalo lili pa pepala, ndipo pepala ndilibe nalo mlandu. Silimwa mowa, siliopa abwana, silifuna kukwezedwa pa ntchito. Koma wosunga pepalalo ndi munthu, ndipo ali ndi mimba ndi mantha ngati ine ndemwe. Mawu ukawasiya mu ofesi sakhalanso ako. Amakwera galimoto iwe uli pansi, ndipo amakafika kumene sunawatume. Sindikufunsa chimene ukudziwa, ndipo sindikufuna kuchimva. Dimba lija tilitchinganso. A Felismina ndikayankhula nawo ndine.”

Anakayankhuladi nawo. A Felismina anayankha kuti ana awo sadya minga.

Masiku otsatira Élia ankati akatuluka m’nyumba, maso ankathamangira pa denga la a Felismina. Mitolo ya udzu inkachuluka pabwalo, phaso linali litamangidwa kale, ndipo khasu la mpini watsopano linali litatsamira khoma. Anayesa kumupempha Silvino kuti akanene yekha za minazo, koma iye anangonyamuka n’kumusiya akuyankhula yekha.

Makalata ake a sukulu ya ku Malawi ankafunika chidindo cha ku Moatize kuti adzalembe mayeso. Ulendowo unali wa mwezi wamawa. Élia anauza mayi ake kuti aphunzitsi ati apite msanga, ndipo limenelo linali bodza lake loyamba.

4. Ku Moatize

Anakwera lole ya kabichi, atakhala pamwamba pa matumba. Msewu unali maenje okhaokha, ndipo m’mbali mwake munali zigoba zina zopsa ngati cha kwawo. Atatsika mapiri, mphepo yozizira inatsala m’mbuyo. Moatize inamulandira ndi kutentha kophika munthu, fumbi lakuda la malasha, ndi Chinyungwe chimene ankangotolamo mawu apa ndi apo.

Chidindo anachipeza msanga. Kenaka anafunsa chitseko cha nkhani za mina, ndipo anamulozera kwa Sinyoro Eduardo. Anali bambo wa shati yosita bwino ndi mawu ofatsa. Kumbuyo kwawo kunali mapu aakulu obayidwa timisomali tofiira. Atamva Chipwitikizi cha Élia chikupunthwa, anasintha n’kuyamba Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe.

“Khala pansi, mwanangu. Usaope. Nena.”

Élia ananena za dimba, za mango wopindika ndi chitsime, ndi za mayi amene akufuna kulowamo ndi khasu. Sinyoro Eduardo ankalemba akugwedeza mutu.

“Wachita bwino. Koma wadziwa bwanji kuti zili m’mzere?”

“Ndinangomva.”

“Kungomva ndiye vuto. Tsiku lililonse anthu amabwera ndi zongomva, ndipo alendowa sanyamuka chifukwa cha mphekesera. Ndikalemba kuti zongomva, dimba lanu likhala kumapeto, mwina chaka chamawa. Mayi ujayo adikira chaka chamawa?”

Élia anayang’ana pansi. Sinyoro Eduardo anatseka cholembera chawo n’kuchiika patali.

“Taona, sindikulemba. Lamulo ndikulidziwa kuposa pemphero la Atate Athu a Kumwamba. Kwa alendo ndimapereka malo, basi. Za munthu zimafera m’chipinda muno. Ngakhale mkulu wawo atandigwadira, dzina sangalimve kwa ine. Komanso za kunkhondo palibe amene akumangidwa nazo. Ndingofuna kudziwa ngati nkhaniyi ili ndi mwini.”

“Ndi achimwene anga,” anatero Élia. “Anawatenga ali mwana. Sanafune okha.”

“Ndikudziwa, ambiri sanafune. Mumakhala chakuti?”

Élia anayankha monga amayankhira munthu aliyense wa kwawo, osaganiza n’komwe.

“Pa lole yopsa.”

Sinyoro Eduardo anaimirira, natenga kamsomali kofiira n’kukabaya pa mapu, pafupi ndi malire. Anamuperekeza mpaka pakhomo, namuuza kuti dziko likufuna ana olimba mtima ngati iye. Tisawanamizire bambowa: tsiku limenelo ankakhulupirira mawu awo omwe. Kulonjeza sikuvuta pamene palibe amene akukukoka khutu.

Élia anakwera lole yobwerera mtima uli m’malo, koyamba chiyambire nkhani ya mpini ija.

5. Galimoto yoyera

Sipanapite nthawi, alendo anabweradi. Anaima patali ndi dimba, anayang’ana pa pepala, anayang’ana mitengo. Mango opindika analipo ambiri, ndipo chitsime chinali chitakwiririka m’tchire. Anafunsa anthu, anthu anapukusa mitu. Alendowo anabwerera, ndipo Élia anaganiza kuti akakonza zida.

Tsiku lofolera nyumba ya a Felismina linafika. Mudzi wonse unali pomwepo, amayi akupatsira udzu, abambo akumanga, thobwa likuyenda m’zikho. Silvino anali pamwamba penipeni, akumanga nsonga ya denga. Nelito anakhala pa mtondo akung’amba luzi.

Ndi nthawi imeneyo pamene galimoto yoyera inakwera njira ya kumapiri, n’kudzaima pa lole yopsa. Munatsika mzungu wamkazi wa chipewa chachikulu, amuna ovala zodzitetezera pachifuwa, ndi womasulira, mnyamata wa ku Tete wa magalasi akuda. Womasulirayo anali wa anthu aja amene amaganiza kuti munthu wa kumudzi samva ukapanda kukuwa.

“Pa lole yopsa ndi pano eti? Tikufuna mnyamata amene akudziwa mzere wa mina za kudimba. Mwini wake, amene anazikwirira!”

Nyimbo ya ofolera inaduka. Mtolo wa udzu unagwa m’manja mwa mayi wina, osautolanso.

Élia anathamangira kwa womasulirayo.

“Anakuuzani ndani zimenezo? Lamulo likuti mumve malo okha!”

“Lamulo tikulidziwa, mtsikana, usatiphunzitse. Sinyoro Eduardo dzina anakana kwamtuwagalu. Abwana athuwa anawauza kuti popanda wolozera ntchito itenga miyezi. Akuluakulu a ku Tete nawo anawakalipira kuti akuchedwetsa alendo. Koma bambo aja ndi osunga lamulo. Anangoti, pitani pa lole yopsa, mukafunse mchimwene wa mtsikana wa sukulu. Dzina sanatchule.”

Sanatchuledi. Koma pa lole yopsa panali nyumba imodzi, mtsikana wa sukulu mmodzi, ndi mchimwene mmodzi. Lamulo linatsala ku Moatize lili loyera mbee, popanda chilembo ndi chimodzi chomwe chophwanyidwa, ndipo maso onse a mudzi anakwera pa denga.

Mzungu uja ankamwetulira, akupereka moni kwa ana. Chinyanja sankachimva, ndiye sanadziwe kuti womasulira wake wangopha munthu akuyenda.

Silvino anatsika pang’onopang’ono. A Xavier anamutchingira kutsogolo.

“Anthuwa asochera,” anatero mokweza kuti onse amve. “Mwana uyu palibe chimene akudziwa. Anasamba. Silvino, bwerera pa denga ukamalize ntchito.”

Pamenepo njira inalipo. Akanakana, mudzi ukanayesa kukhulupirira, chifukwa anthu otopa ndi nkhondo amadziwa kumeza zinthu. Silvino anayang’ana amalume ake, anayang’ana Élia. Kenaka maso ake anagwera pa khasu lotsamira khoma, la mpini umene anasema yekha. Denga linali litatsala pang’ono kutha.

“Tiyeni,” anauza womasulira.

6. Ndodo zofiira

Anthu anawatsatira m’mbuyo mwakachetechete. Alendo anamanga chingwe patali n’kuletsa aliyense kudutsa. Silvino anaima m’mphepete mwa dimba, pa nthaka yolimba, n’kuyamba kuloza ndi nsungwi yaitali. Mawu amene anawatsekera m’mimba chibwerere anatuluka, ndipo aliyense anawamva.

“Mango wake ndi uyu. Anatiimika apa. Wamkulu wathu anati chitsime ichi adani asamwenso. Ine ndinkakumba, wina ankaika, ine n’kukwirira.”

Amuna a zida aja ankakwawa ndi mimba, chitsulo chawo chofufuzira mina chikulira, ndipo pamene chalira ankazika ndodo yofiira pambali. Ndodozo zinayamba kupanga mzere wolunjika kuchitsime. Ina inaima pafupi ndi chikhomo chimene a Felismina anali atakhoma kale, posonyeza poyambira mzere wawo woyamba. Amayi ena ataona zimenezo anagwira pakamwa.

Pakati pa mzerewo panatsala mpata. Panali kadzenje kosazama, komera udzu.

“Apa mwadumphapo bwanji?” anafunsa womasulira.

Yankho linachokera kuseri kwa chingwe.

“Pamenepo ndi panga,” anatero Nelito.

A Felismina analira kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la chitseko lija.

“Iwe! Wadya m’mbale mwanga! Ndakutcha mwana wanga pamaso pa anthu! Umanyamula mwana wanga pa njinga ukudziwa, umandipatsa moni ukudziwa! Ndodo unamusemera zija unkayeza pa mwendo umene unadula wekha!”

Anafuna kulanda ndodozo kuti azitaye kutchire, koma Nelito anazikumbatira. Akanayendera chiyani?

Alendo anathokoza kwambiri. Mzungu uja anagwira Silvino chanza ndi manja awiri, nati kudzera mwa womasulira, ntchito ya miyezi yatheka tsiku limodzi, ndipo mawa ayamba kuchotsa. Anakwera galimoto yawo yoyera n’kumapita, okondwa ngati anthu ochokera ku ukwati.

Silvino atafika kwawo anapeza a Xavier ataima pakhomo, manja atagwira mphuthu mbali zonse ziwiri. Nkhope yawo inali yonyowa.

“Ndinakuuza, mwana wa mlongo wanga. Wawatchula, ndipo akumva. Sindikukuda. Ndikanakhala iwe mwina ndikanachita zomwezo. Koma m’nyumba muno muli ana, ndipo kunja kuno kuli abale a Felismina amene sanasambe mkwiyo wawo. Munthu sasambitsidwa kawiri pa mtsinje umodzi. Sulowa.”

A Benedita anagwada kumbuyo kwa mlongo wawo akudandaulira, koma a Xavier sanasunthe. Pomaliza mayiwo anatulutsira bulangete pa zenera, atakulungamo mbatata zootcha. Élia palibe anamukalipira. A Xavier anangomuyang’ana kamodzi, ndipo kukalipa kukanakhala bwino.

Silvino ananyamuka dzuwa litapendeka. Élia anamutsatira mpaka pa mphambano ya kuseri kwa phiri, pamene njira ina imatsikira ku msewu wa ku Tete, ina imazembera ku Malawi, ndipo ina imakwera kwa owotcha makala.

“Achimwene, anandilonjeza. Anaika cholembera pansi ndikuona. Anati lamulo silola.”

“Ndikudziwa.”

“Ndimafuna a Felismina asafe.”

Silvino anaima, natembenuka. Sanakwiye, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka Élia koposa.

“A Felismina akalamba ndi miyendo yawo iwiri. Zimenezo wachita ndiwe, usadzaiwale.” Anakonza bulangete paphewa. “Izinso wachita ndiwe.”

Analowa njira ya kwa owotcha makala. Atayenda pang’ono anacheuka.

“Ulendo uno usauze munthu.”

Élia anabwerera yekha. Denga la a Felismina linali chikhalire losamaliza, nsonga ili yasa, ndipo pabwalo panasonkhana alongo awo ndi anyamata ena. Thobwa palibe ankamwa. Wina anali atagwira chibonga, wina ankazula mpini watsopano uja pa khasu.

Pa lole yopsa panakhala Nelito. Élia atafuna kudutsa, iye anapingasa ndodo yake panjira.

“Mchimwene wako walowera kuti?”

“Ukufuna ukamutani?”

“Amalume anga akufunsa aliyense. Ine ndafunsa iwe.”

“Sindikudziwa.”

Nelito anaseka, koma maso ake anali ofiira.

“Usandinamize, Élia. Ku Moatize unakauza munthu woti sukumudziwa n’komwe. Ndiye ine, mwini mwendo, undibisire?”

Ndodo inali chipingasire panjira, ndipo kumbuyo kwa Nelito amuna aja anali atanyamuka kale, akubwera ku lole yopsa.